Fumbi la miyala lingayambitse lupus?

Wapakwale: Abale, timamva kuti fumbi la pakwale limawononga mapapo. Nanga n'zoona kuti limayambitsanso lupus (matenda amene chitetezo cha thupi chimalimbana ndi thupi lomwe) ndi nyamakazi kwa ophwanya miyala ndi akumigodi?

Nachisale: N'zoona achimwene, ngakhale si aliyense wopuma fumbi amene amadwala. Vuto ndi silika, amene ali mu granite, quartz ndi mchenga. Timagawo take tosaoneka ndi maso timafika pansi penipeni pa mapapo. Maselo oteteza thupi amatimeza koma amalephera kutigaya, amaphulika n'kufa, ena n'kudzatimezanso. Zam'kati mwa maselo akufawo zikamamwazika chaka ndi chaka, chitetezo chimayamba kulimbana ndi thupi lomwe. Dokotala Erasmus anafotokoza za scleroderma, matenda oumitsa khungu, mwa okumba golide ku Witwatersrand, ku South Africa, mu 1957. Dokotala Caplan anaona nyamakazi pamodzi ndi timfundo m'mapapo mwa okumba malasha ku Wales mu 1953. Lupus imagwira kwambiri amayi, pafupifupi 9 mwa odwala 10, ndiye ikapezeka mwa bambo, adokotala asaiwale kufunsa ntchito imene ankagwira.

Mbewe_Labu: Zizindikiro za lupus: mfundo zotupa ndi kuuma m'mawa, zidzolo pamasaya ndi pamphuno zoyipa ndi dzuwa, zilonda m'kamwa, tsitsi kuthothoka, miyendo kutupa, mkodzo wathovu. Zala zikamayera kapena kuchita buluu kukazizira, ganizirani scleroderma. Kuchipatala ayeze ANA ndi anti-dsDNA m'magazi (asilikali a chitetezo olimbana ndi thupi lomwe), puloteni mu mkodzo, ndi kujambula chifuwa. ANA yokha siitsimikiza lupus, chifukwa imapezekanso mwa ambiri odwala silicosis, matenda a mapapo obwera ndi fumbi la silika. Chachikulu n'chakuti ayeze TB asanayambe kupereka prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene amaperekedwa pa lupus. Mapapo a silika amagwidwa TB msanga, ndipo mankhwalawo amafooketsa chitetezo.

Chisale54: Kansalu kotchinga pakamwa n'kudzinamiza chabe. Pafunika masiki ya N95 kapena FFP2 yogwira bwino nkhope, ndipo ndevu zimalowetsa fumbi m'mbali. Koma kuposa masiki, thirani madzi pamwala pophwanya kapena podula ndi galayinda, osasesa pouma, zovala zantchito musakakung'unthire kunyumba. Ku America malire a fumbi la silika pantchito ndi ma microgram 50 pa cubic metre ya mpweya pa maola 8.

Kwa madala amene anapita ku Joni pa Wenela ndi TEBA: Tshiamiso Trust, thumba la chipukuta misozi la ku South Africa, imalipira silicosis ndi TB kwa amene anagwira m'migodi ina ya golide kuyambira 1965 mpaka 2019, koma lupus mulibe. Scleroderma ili m'lamulo la chipukuta misozi cha akumigodi la South Africa. Sungani nambala yanu yakumgodi ndi mapepala akuchipatala.