Za phokoso la Hilux lija ndinafunsa

Abale, paja ndinafunsa za Hilux yanga ya 4x4 imene imalira kuti kha kha kha ndikamakhota, makamaka m'makona a Khwekhwerere potsikira ku Golomoti. Ambiri munati ndi CV joint, jointi ya pa shafti yozunguza tayala la kutsogolo, ndipo munalasa ndithu. Makaniko wa pa Dedza boma atachotsa tayala tinapeza labala yophimba jointi ija yang'ambika, girisi anatha kalekale, mkati muli mchenga wokhawokha. Iye anati kungosintha labala nkutaya ndalama poti tizitsulo ta mkatimo tadyeka kale, ndiye tinakagula shafti yonse ya kutsogolo ku Lilongwe. Amene mukufuna kugula nyamulani yakaleyo mukafananize pomwepo, muwerenge mano ake aja komanso muone kutalika, chifukwa ma Hilux amasiyana malinga ndi chaka ndipo ogulitsa ena amangoti "ikwana bwana" bola mwalipira basi.

Kumbuyo nkhani inali ina. Shafti ili bwinobwino koma oil seal, labala yotchinga oyilo kuti asatuluke, imadontha, oyilo wa difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala a kumbuyo) anafika mpaka pa ma brake shoe, nchifukwa chake mabuleki amagwira mbali imodzi ndikadzaza kachewere wa ku Bembeke. Tinasintha seal ndi bering'i, ma shoe onyowawo tinataya, zotsuka ndi petulo zija sizithandiza ayi. Bering'iyo imalowa ndi press, makina oipanikiza, wina akatulutsa hamala mukaneni, amaiwononga isanayambe nkomwe ntchito. Oyilo wa difu tathira watsopano.

Phokoso latheratu. Chatsala ndi alignment, kuwongola kaimidwe ka matayala, poti tayala la kumanzere likudyeka cha mkati.