Kukwera phiri ndi mnzanga wosazolowera, ndithandizeni nzeru

Anzanga okonda kuyenda m'mapiri, ndikufuna kupita ndi mnzanga kokwera phiri, kunyamuka m'mamawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Iyeyu sanakwerepo, pomwe ine ndikayamba kuyenda sinditembenuka. Sindikufuna akafike pamwamba ali wefuwefu mpaka osaona n'komwe kukongola kwa malo. Ine chimene chimandikomera n'kukhala pamwala, kuvula nsapato, kamphepo kakuumitsa thukuta, tikucheza za apa ndi apo.

Ndiye inu mumatani kuti muyendere limodzi? Woyenda pang'onopang'onoyo azitsogola? Madzi malita awiri aliyense angakwane kukatentha?

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nsapato zake, n'zatsopano. Ndikuopa matuza, makamaka potsika, poti m'pamene zala zimakanikizika kutsogolo, mawondo n'kumanjenjemera. Avale zomwezo kapena atenge zakale zija?