Katuni ya galu wapolisi yasokoneza kalasi langa la ECD B (ana okonzekera giredi 1)

Nabanda, Mufakose (Harare, Zimbabwe): Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Lachisanu lililonse, magetsi akakhalapo, ndimaonetsa ana katuni ya Sheriff Labrador ya pa YouTube, ija ya galu wapolisi ndi anzake. Ndinaisankha poti nkhani zake n'zazifupi, ndipo zimaphunzitsa mwana kusamala pamsewu ndi kusatsegulira mlendo chitseko. Koma tsopano pa buleki masewera onse anatha, kwatsala kumangana basi. Anyamata atatu adzipatsa upolisi, akuuwa, akukuwa ngati sayirini, ndipo wakuba ndi mmodzi yemweyo tsiku ndi tsiku, kamnyamata kofatsa kamene kabwera temu ino. Dzulo ndinakapeza kuseri kwa thanki ya madzi, atakamanga manja kumbuyo ndi mikono ya juzi yake, kali duu, osalira n'komwe. Mayi ake abwera m'mawa uno atapsa mtima, akuti usiku mwana anawafunsa kuti, "Amama, kodi ine ndine wakuba?" Chonsecho bambo wina anandithokoza kuti mwana wake anakana switi kwa munthu wosamudziwa chifukwa cha katuni yomweyo. Ndileke kuonetsa kodi?

Mayi Nkhoma, Highfield: Lekani achemwali. Ana amenewa kunyumba agonera kale pa foni za makolo. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, ananena mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera sikirini, ndiye ife tiwonjezerenso? Lachisanu aziimba ndi kuvina.

Bambo Mbewe, Mabvuku: Pepani amayi, ine ndikuona mosiyana. Makatuni a kampani ya BabyBus ya ku China, imene imapanga katuni imeneyi, ali m'foni iliyonse, ngakhale m'kombi mumawamva. Mukaleka kusukulu adzaonera kunyumba okha, popanda wamkulu wowafunsa kanthu, ndipo kumanganako kudzabwerabe pa buleki. Chimene chandiwawa ine ndi mwana mmodziyo. Katuni sinasankhe wakuba, asankha ndi anzake. Funsani kuti amusankhiranji.

Nabanda: Zoona bambo. Ndikuganiza kuti n'chifukwa sanazolowere Chishona, wangochoka kumene ku Dedza. Akamuuza kuti "wasungwa" (wamangidwa) sadziwa poyankha, amangopereka manja.

Naphiri, Dzivarasekwa: Mutu wina ndi uwu. Kwanga kuli mtsikana amene mayi ake amagulitsa tomato m'tauni. Iye waonapo anthu akuthawa apolisi ndi madengu pamutu, tomato ali mbwee pamsewu. Sayirini ya m'katuni ikangolira amalowa pansi pa tebulo. Anzake akuseka galu wovala chipewa, iye akunjenjemera. Ana athu saonera chinthu chimodzi ngakhale akhale pa mphasa imodzi. Musanayatse, yang'anani nkhope zawo.

Agogo Nangozo, Mbare: Ana anga, kusewera upolisi sikunayambe ndi YouTube, ifenso tinkathamangitsana tili ana. Musaletse masewerawo, chotsanimo wakuba. Kwathu timachita chonchi. Choyamba, lamulo n'loti munthu samangidwa m'kalasi muno, ndipo juzi ndi yovala basi. Kenaka apolisiwo apatseni ntchito yeniyeni: bisani chidole kuseri kwa mashelefu, nenani kuti mwana wasochera, akamufune. Jambulani mizere ya powolokera ndi choko pakhonde, wapolisi aimitse "magalimoto" anzake awoloke. Chipewa cha katoni chikhale chimodzi, chizizungulira potsata kaundula, atsikana nawonso achivale. Lolemba likubwerali ayambe kuvala ndi kamnyamata kanuko, inuyo muli pambali pake, ndipo muwaphunzitse anzakewo mawu awiri atatu a Chichewa oti amumvere akawalamula. Katuniyo onetsani nkhani imodzi yokha, muiimitse pamene vuto layamba, muwafunse kuti, "Ukanakhala iwe ukanauza ndani?" Pamenepo ndi pophunzitsira nambala ya foni 116 ya Childline, bungwe lothandiza ana, poti ndi yaulere ndipo ndi ya kuno, osati manambala amene angamve m'makatuni akunja.

Mayi Nkhoma: Agogo mwandigonjetsa pa chipewacho. Koma makolo nawo auzidwe. Ambiri mwana akakana kudya amati "ndikuitanira apolisi". Mwana wotero akasochera pa msika waukulu wa Mbare Musika adzathawa yunifolomu m'malo moithamangira.

Bambo Mbewe: Ndipo anyamata atatu aja musawakalipire pagulu. Aitaneni pambali, afunseni kuti mnzawo anamva bwanji kuseri kwa thanki kuja. Mtsikana wa a Naphiri akhale pafupi ndi mphunzitsi, voliyumu ikhale pansi.

Nabanda: Zikomo nonse. Katoni ya chipewa ndaipeza kale. Mayi aja ndawaimbira, avomera kubwera Lolemba kudzaona okha mwana wawo akuwolotsa anzake. Za makolo ndizilemba m'kabuku ka homuweki lero. Agogo, nditumizireni chithunzi cha mizere yanu ya pakhonde, khonde lathu ndi lopapatiza.