Zigoba za gule za agogo: tizipereke ku myuziyamu kapena ayi?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Agogo athu aamuna anali wosema zigoba za gule wamkulu. Atamwalira chaka chatha tinapeza zigoba zitatu m'thumba la feteleza lomangidwa ndi luzi, pansi pa denga la nyumba yawo. Chimodzi chiswe chadya kale chibwano, utoto wofiira ukungosupuka ukachikhudza.

Pabwera bambo wina wochokera ku myuziyamu ina, akuti tiwapatse azisunge bwino m'magalasi, alembepo dzina la agogo. Malume akana kwamtuwagalu. Akuti chilombo sichionekera poyera chilibe mzimu wake, amayi ndi ana osagula njira sayenera kuchiona chitangokhala ngati chidole. Akufuna zibwerere kudambwe, zikawole komweko ngati n'kuwola.

Ine mtima uli pawiri. Ndikudziwa kuti UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza gule wamkulu mu 2005, ndipo ku Mua, ku Chamare Museum, zigoba zambirimbiri zili poonekera, alendo amaphunzirapo. Koma kumeneko nkhani inayenda bwanji ndi eni gule? Ndani ali ndi mphamvu pa zigobazi: ife adzukulu, a mfumu, kapena akuluakulu a kudambwe? Kunena zoona, ine sindinagule njira, ndiye mwina ndalakwa kale pozitsegula.

Komanso tikapereka, pamakhala pepala lotilola kudzazitenganso? Kodi tingawauze kuti azisunge koma asazionetse kwa aliyense? Amene munaperekapo chinthu cha makolo ku myuziyamu, munagwirizana zotani?