Horde ndi Alliance mu WoW: mphamvu zizifanana kapena aliyense akhale ndi zake?

Kamwala_EU:
Abale amene mumasewera World of Warcraft tandithandizeni maganizo. Mu gemuyi muli mbali ziwiri zolimbana, Horde ndi Alliance. Ine ndili pa Classic (gemuyi monga inalili kale) mbali ya Alliance ndi warlock, koma ndikakumana ndi Undead (mtundu wina wa ku Horde) mu bwalo lankhondo la Warsong Gulch ndimangodziwiratu kuti zanga zada, ndikamuponyera fear (tsenga lomuthawitsa ndi mantha) iye amangodina Will of the Forsaken, mphamvu ya mtundu wake, basi wamasuka, kenako ali pa ine. Nanga ma Orc nawo stun (youmitsa munthu kuti asasunthe) imawaphonya kawirikawiri chifukwa cha mphamvu yawo ija ya Hardiness. Ndiye funso langa ndi lakuti, bwanji Blizzard, kampani yopanga gemuyi, osangopereka mphamvu zofanana mbali zonse kuti wopambana azipambana ndi luso lake?

Nachisale88:
Achimwene ululu wanu ndikuwumva koma musaiwale kuti a Horde nawonso amalira. Gemu itatuluka mu 2004 paladin anali wa Alliance yokha, shaman wa Horde yokha, ndipo mu ma raid (nkhondo za gulu lalikulu zolimbana ndi zilombo) Alliance inkadya bwino ndi Blessing of Salvation ya paladin komanso Fear Ward ya ma priest a Dwarf, pomwe ife a Horde tinkadalira Windfury ndi Tremor Totem za shaman. Kukonza mbali imodzi kunkangowononga inzake, mpake mu Burning Crusade 2007 anangopereka paladin kwa Blood Elf a ku Horde, shaman kwa Draenei a ku Alliance. Ine sindikufuna afananitse zonse ayi, ngati Tauren alibenso War Stomp ndiye ndimusankhirenji, nyanga zokha?

Mbiri_Tank:
Ine ndimaona kuti vuto lenileni si batani limodzi lija, ndi anthu. Kamwayi kakang'ono kakangooneka mbali ina, akatswiri onse a PvP (kumenyana osewera okhaokha) amakhamukira komweko, anzawo n'kuwalondola, ma guild amphamvu n'kusamuka, mapeto ake kusiyana komwe kunali kochepa kumasanduka phiri chifukwa tsopano mbali inayo kwatsala ongoyamba kumene. Zinachitika ndi Every Man for Himself, mphamvu ya Human yodzimasulira ku stun ndi fear, nthawi ya Wrath of the Lich King, Human sankafunikanso kuvala trinket ya PvP (kachida kovala kogwira ntchito yomweyo) ndiye ankavala ziwiri zowonjezera damage, mu arena ku Alliance ma Human anali mbwee. Ndipo ochulukawo nawonso amavutika, mu Burning Crusade Classic 2021 a Horde ankadikira battleground (bwalo lankhondo ngati Warsong Gulch) nthawi yaitali zedi moti Blizzard inayamba kuyesa zoti Horde izimenyana ndi Horde inzake. Kumbukaninso Tenacity ya ku Wintergrasp, ochepa ankawawonjezera moyo ndi mphamvu koma munthu mmodzi ngakhale akhale chimphona sangalondere malo atatu nthawi imodzi.

Kamwala_EU:
Zoona akulu, za kuchulukana kwa anthuzo sindinaziganize. Ndiye mankhwala ake n'chiyani?

Mbiri_Tank:
Kwa ine racial (mphamvu ya mtundu uliwonse) isiyane maonekedwe ndi kachitidwe koma isakhale yochotsa CC (zomangira mdani ngati fear ndi stun) mwaulere popanda kulipira kanthu. A Blizzard anachita bwino pambuyo pake kumangirira Will of the Forsaken ku cooldown (nthawi yodikira musanadinenso) ya trinket kuti munthu asamasuke kawiri motsatizana. Ku retail (WoW yamakono, osati Classic) kuyambira patch 9.2.5 mu 2022 mbali ziwirizi zimalowa limodzi mu dungeon ndi raid, izo zinapepukitsa kwambiri. Koma pa Classic panu pajapo, muziyamba mwamunyengerera Undead uja adine Will of the Forsaken yake msanga, dikirani masekondi 5 a immunity adutse, kenako fear yachiwiri ndi imene igwire.