Ulendo wa ku Dodoma pa sitima pamodzi ndi amayi okalamba

Mayi a ku Luchenza:
Abale ndi alongo, ndikupempha nzeru kwa amene anayendapo pa sitima m'dziko la Tanzania. Achimwene anga amagwira ntchito ku Dodoma ndipo atiitana, ine ndi amayi athu, kuti tikaone khanda lawo. Amayi amavutika ndi msana moti sangapirire kukhala pampando wa basi tsiku lathunthu, n'chifukwa chake ndikuganiza zoti tikawoloka pa Songwe tikakwere sitima. Ndinakulira m'mbali mwa njanji kuno ku Luchenza, koma sitima yomwe ndikuidziwa ndi yopita ku Limbe yokha. Kodi tikakwerere kuti, nanga tikonzekere zotani?

Bambo a ku Chitakale, Mulanje:
Mayi, choyamba dziwani kuti mudzakwera sitima ziwiri za njanji zosiyana. Mukadinditsa ziphaso pa Songwe, mudzakwera minibasi yopita ku Mbeya kudzera ku Tukuyu, komwe mudzaona minda ya tiyi ndi nthochi mpaka kuganiza kuti mukadali ku Thyolo. Ku Mbeya ndi kumene mudzapeze sitima ya TAZARA, yomwe njanji yake ndi yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia kukafika ku Dar es Salaam, ndipo inamangidwa ndi thandizo la dziko la China m'zaka za m'ma 1970. Ulendo wochoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam umatenga pafupifupi usana ndi usiku, komanso sitimayi siyenda tsiku lililonse, choncho achimwene anuwo afunsiretu tsiku lake musananyamuke kuno. Ku Dar es Salaam mudzasintha n'kukwera sitima yamagetsi ya SGR, yomwe inayamba kufika ku Dodoma m'chaka cha 2024 podzera ku Morogoro, ndipo imayenda maola anayi kapena kucheperapo. Masiteshoni awiriwa ali kosiyana, kotero ndi bwino mugone mumzindamo usiku umodzi kuti mayiwo apumitse thupi.

Mayi a ku Bvumbwe:
Achemwali, musaumire ndalama pa tikiti ya ku Mbeya. Gulani ya kalasi yoyamba, momwe chipinda chimodzi chimakhala ndi mabedi anayi, pamene m'kalasi yachiwiri amakhala asanu ndi limodzi. Amuna ndi akazi amagona zipinda zosiyana pokhapokha banja litalipira chipinda chonse, choncho inu ndi amayi mudzakhala pamodzi popanda vuto. Muwapemphere bedi lam'munsi, chifukwa kukwera lam'mwamba n'kovuta kwa munthu wodwala msana. Ine nditayenda ndi apongozi anga, ndinawayalira zitenje ziwiri pabedi n'kuwafunditsa bulangete lomwe tinachoka nalo kunyumba, pakuti kumapiri a ku Mbeya kumazizira usiku ngati kuno nthawi ya chiperoni. M'mawa anakhala pazenera akugula nthochi ndi chimanga chootcha kwa amayi ogulitsa m'masiteshoni, ndipo sanadandaule za msana ngakhale kamodzi. Madzi akumwa ndi mankhwala awo zikhale m'kachikwama kapafupi.

Aphunzitsi opuma a ku Thekerani:
Mwana wanga, samalani kwambiri ndi nkhani ya nthawi. Dziko la Tanzania lili patsogolo pathu ndi ola limodzi, choncho mukangowoloka mtsinje wa Songwe musinthe wotchi yanu. Chachiwiri, m'Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, moti munthu akanena kuti "saa mbili asubuhi" akutanthauza 8 koloko m'mawa. Ine ndinatsala pang'ono kusiyidwa chifukwa ndinamva mawu a munthu wondithandiza n'kuwamasulira m'mutu mwanga molakwika. Muziwerenga nthawi yolembedwa pa tikiti, ndipo mukakayika mufunse kawiri.

Mayi a ku Luchenza:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawaimbira achimwene usiku womwe uno, ndipo avomera kutigulira matikiti a SGR komanso kudzatichingamira ku Dar es Salaam. Amayi atamva za bedi lam'munsi ayamba kale kusankha zitenje zoti atenge.