Kodi tizilola alendo pa mipikisano yathu ya galimoto pa intaneti?

Funso:
Akuluakulu, gulu lathu limachita mpikisano wa Assetto Corsa Competizione, masewera a galimoto a pa kompyuta, Loweruka lililonse madzulo, koma masiku ano tikumapezeka ochepa kwambiri. Ena akufuna tichotse pasiwedi kuti aliyense azilowa. Ine ndikukayikira, chifukwa titayesa kamodzi pa msewu wa mpikisano wa Monza, mlendo wina sanagwire mabuleki pakhona yoyamba ndipo anawombamo galimoto zinayi. Inu mumatani kwanuko?

Yankho loyamba:
Mukhoza kuchotsa pasiwedi, koma muike malire. Seva ya masewerawa imakulolani kukana aliyense amene Safety Rating yake (nambala yoonetsa mmene amayendetsera mosamala) ndi yotsika, komanso amene sanapeze mamendulo a msewu umene mukupikisaniranawo, omwe munthu amawapeza akazungulira kangapo motsatizana osatuluka mumsewu.

Yankho lachiwiri:
Ndikusiyana nanu pang'ono, bwana. Nambala siionetsa mtima wa munthu, ndipo alipo a nambala yabwino amene akangopitiriridwa amabwezera mwadala. Ife timafuna kuti mlendo ayambe walowa pa Discord, pulogalamu imene timachezerapo pa intaneti, awerenge malamulo, ndipo abwere tsiku lokonzekera kuti timuone mmene amayendetsera. Tsiku lomwelo timaonanso intaneti yake, pakuti galimoto ya munthu wa netiweki yofooka imadumphadumpha n'kugunda anzake iye wosalakwa.

Yankho lachitatu:
Tonsefe tinayamba tili alendo, choncho musawatsekere kunja. Ngakhale iRacing, masewera enanso a mpikisano wa galimoto, imayambitsa aliyense pa laisensi ya ongoyamba kumene yotchedwa Rookie asanakwere D, C, B mpaka A. Mlendo ayambire kumbuyo kwenikweni pa mipikisano iwiri yoyamba, ndipo pakachitika ngozi muzionera replay (kanema wobwereza zimene zachitika) musanaweruze.